Getsi la njinga yamoto yakale likafooka, musathamangire babu lalikulu

Njinga yamoto ikamakalamba, nthawi zambiri getsi lakutsogolo ndi limene limayamba kuulula. Injini imakhala ikadakoka bwinobwino, magiya akulowa osavuta, koma kukangoda mumangoona kuwala kwachikasu kukugwera pafupi ndi tayala, ndipo dzenje mumalizindikira mutagweramo kale. Zikafika apa ambiri amagula babu lamphamvu kuposa limene linalipo. Mwina zimasinthako pang'ono, mwina ayi, koma pakapita nthawi vuto lija limabwerera litatenga anzake: soketi yasungunuka, switchi ikutentha, batire likumatha usiku uliwonse.

Pa njinga zambiri zakale babu silikhala ndi mlandu. Magetsi ndi amene sakufika okwanira pababupo. Amachoka kubatire ali bwino, n'kumatayika pang'onopang'ono pa fiyuzi, pa switchi ya kiyi, pa switchi ya pahandulo ndi m'malo onse amene waya walumikizana ndi mnzake. Kutayikako kumaoneka kochepa mukayang'ana manambala, koma babu la kawaya koyaka mkati silikhululuka. Babu la halogen la mtundu wa H4 la 60/55W limayesedwa pa 13.2V, ndipo pamenepo limatulutsa ma lumen (muyeso wa kuwala) pafupifupi 1,650 pa fulu ndi 1,000 pa dimu. Magetsi akatsika ndi 10 peresenti yokha, kuwala kumatsika ndi pafupifupi 30 peresenti. Volt imodzi ikasowa, mwataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kuwala konse. Njinga ya zaka makumi awiri kapena atatu kutaya volt imodzi ndi theka m'mawaya si zachilendo ayi.

Dziwani kaye kumene getsi lanu limatenga magetsi

Tsegulani kiyi osaliza injini, muyatse getsi. Likayaka, ndiye kuti limadya kubatire, magetsi a DC. Likakana mpaka injini italira, kenako n'kumawala kwambiri mukawonjezera mafuta ndi kuzirala mukabweza, ndiye kuti limadya mwachindunji kuchokera ku koyilo ya mu injini, magetsi a AC. Njinga zing'onozing'ono zambiri zakale, monga mitundu yoyambirira ya Honda CG125 ndi Super Cub, zinapangidwa motere. Pali njinga zina za DC zimene getsi lake limadikira injini kulira kaye, koma izi mumazidziwa chifukwa likayaka limawala mofanana, silitsatira kulira kwa injini.

Onaninso pabatire kapena patsinde pa babu ngati palembedwa 6V kapena 12V. Njinga zing'onozing'ono zambiri za m'ma 1960 ndi m'ma 1970 zinali za 6V. Babu la 12V likalowa m'njinga ya 6V limangofiira osawala, ndipo zimachitika ndithu, chifukwa mababu ena a mitundu iwiriyi amafanana tsinde. Njinga ikakhala yogula kwa munthu wina, musaganize kuti babu limene mwalipezamo ndi loyenera.

Zimene maso angaone

Tsegulani getsi, muchotse babu. Ngati galasi lake lada mkati, latha ntchito ngakhale likuyakabe: kawaya ka tungsten kamatha pang'onopang'ono n'kumamatirira kugalasi. Babu la halogen linapangidwa kuti lizibweza tungsten ameneyu pa kawaya kake, koma limatero pokhapokha likatentha mokwanira, n'chifukwa chake halogen wolandira magetsi operewera amada msanga. Mukapeza babu la halogen lakuda lisanakhalitse, chimenecho n'chizindikiro china choti vuto lili m'mawaya. Latsopanolo musaligwire pagalasi ndi zala, chifukwa mafuta a m'manja amapsererapo n'kulifupikitsa moyo. Mababu opakidwa mtundu wa buluu aja asiyeni. Utotowo umatsekereza kuwala kwina, ndipo zimene mumapeza ndi kuyera kwa maonekedwe chabe, msewu osaoneka patali.

Kenako yang'anani mbale yonyezimira ya kuseri kwa babu. Iyeneranso kunyezimira ngati kalilole. Ikachita mbuu, kapena dzimbiri likadya kumunsi kwake kumene madzi amakhazikika, palibe babu limene lingathandize. Chimene chimanyezimiracho n'chopyapyala kwambiri, moti mukachipukuta mwamphamvu ndi nsalu chimachoka n'kutsala chitsulo kapena pulasitiki. Ngati ndi fumbi chabe, tsukuluzani ndi madzi ofunda a sopo pang'ono, osakhula, muumitse bwino. Ngati yadyeka, sinthani mbaleyo kapena getsi lonse. Galasi lakutsogolo litsukeni mkati ndi kunja komwe. Likakhala la pulasitiki ndipo lasanduka lachikasu ndi dzuwa, likhuleni ndi sandipepa wonyowa kuyambira wa 800, kenako 1500 ndi 2000, mulipolishe, mupakepo vanishi woteteza ku dzuwa. Mukasiya osapaka, chikasucho chimabwerera pakangopita miyezi.

Kusaka pamene magetsi akutayikira

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo pamafunika multimeter, mita yoyezera magetsi. Zimene ndikufotokoza pano ndi za njinga ya DC ya 12V.

Yambani ndi batire njinga itazima kwa maola angapo. Lodzaza limaonetsa pafupifupi 12.6V. Likaonetsa 12.2V lili pakatikati, ndipo likatsika kuposa 12V litchajeni kaye musanapitirize, apo ayi zonse zimene muyeze zidzakusokeretsani. Lizani injini, muyatse getsi, muwonjezere mafuta mpaka pafupifupi 3,000 kapena 4,000 rpm. Pabatire payenera kuoneka pakati pa 13.5V ndi 14.5V. Lembani nambalayo. Tsopano, getsi likuyakabe ndipo babu lili m'malo mwake, yezani kuseri kwa soketi ya babu. Kusiyana kwa manambala awiriwa ndi magetsi amene akuthera m'njira.

Mfundo yoti getsi likhale likuyaka poyeza ndi imene anthu ambiri amaiphonya. Amazula soketi, n'kuyeza pamawaya opanda babu, mita n'kuonetsa 12.6V, iwo n'kunena kuti mawaya ali bwino. Mita imakoka magetsi ochepa kwambiri, moti ngakhale waya wotsala ndi ulusi umodzi amaonetsa nambala yabwino. Babu la 60W limakoka pafupifupi ma amp 5, ndipo ndi katundu ameneyu amene amaonetsa pofooka. N'chimodzimodzi kuyeza ma ohm pa waya mmene simukudutsa magetsi: sikukuuzani zambiri.

Kuti mudziwe mbali imene yalakwa, ikani waya wofiira wa mita pa + ya batire, wakuda pa waya amene akubweretsa magetsi pababu. Mita idzaonetsa magetsi otayika pa mbali imeneyo yokha. Akapitirira theka la volt, pali chofunika kukonza. Kenako ikani wofiira pa waya wa ethi wa pababu (waya wobwezera magetsi ku − ya batire), wakuda pa − ya batire. Apa sipayenera kupitirira 0.2V kapena 0.3V.

Mbali ya + ikakhala yolakwa, tsatirani waya kuchokera kubatire, muziyeza mbali ziwiri za chinthu chilichonse: fiyuzi, switchi ya kiyi, switchi yoyatsira getsi, switchi ya dimu ndi fulu, ndi mapulagi onse. Pamene mita yaonetsa nambala yaikulu ndi pamene pali matenda. Zala zimathandizanso: getsi likayaka kwa mphindi zisanu, pogwira mawaya mudzapeza kuti polumikizira poipa pafunda kapena patentha, chifukwa magetsi otayikawo amasanduka kutentha. Timapanda togwira fiyuzi yagalasi timakonda kutaya mphamvu n'kumaigwira mofooka. M'kati mwa chigoba cha getsi, mmene njinga zakale zambiri zimasonkhanitsira mawaya, mudzapeza timapulagi tozungulira tambiri titachita zobiriwira. Tizuleni kamodzikamodzi kuti musasokoneze mitundu, mupale mpaka mkuwa uwale, mufinye kachikaziko pang'ono ndi pulayala kuti kagwire zolimba. Switchi ya pahandulo itseguleni pa nsalu yoyala, chifukwa mkati mwake muli kasipuling'i ndi kampira kachitsulo zimene zikadumpha simuzionanso.

Samalani ndi mitundu ya mawaya, chifukwa kampani iliyonse ili ndi yake. Pa Honda, wabuluu ndi wa fulu, woyera ndi wa dimu, wobiriwira ndi ethi. Pa Yamaha wobiriwira ndi wa dimu, wachikasu wa fulu, ethi ndi wakuda. Suzuki imagwiritsa ntchito wachikasu pa fulu, woyera pa dimu, ndi wakuda wa mzere woyera pa ethi. Wozolowera Honda akagwira Yamaha mosaganizira akhoza kulumikiza waya wa dimu ku felemu n'kupsereza fiyuzi. Ndipo pa njinga imene yadutsa m'manja mwa anthu ambiri, khulupirirani mita kuposa mtundu wa waya.

Ethi ndi imene ndimaikayikira koyamba pa njinga iliyonse yakale. Njinga zina sizinapatsidwe waya wa ethi wochokera kugetsi kukafika ku felemu. Magetsi amabwerera kudzera m'chigoba cha getsi, m'mabauti ake, m'mafoloko, n'kudutsa m'ma bearing a pakhosi pa njinga, amene amakhala odzaza girisi ndi dzimbiri. Chizindikiro chake n'choti getsi limaphethira mukakhotetsa handulo kapena mukadutsa pa mabampu. China n'choti mukayatsa indiketa getsi lalikulu limavinira limodzi, kapena kagetsi kabuluu ka fulu kamayaka mozirala muli pa dimu. Mankhwala ake ndi osavuta: kokani waya watsopano wonenepa bwino kuchokera pa ethi ya babu mpaka pa − ya batire, kapena pa bauti ya pa felemu pamene mwapala utoto mpaka chitsulo chioneke. Muonenso waya wochoka pa − ya batire kupita ku felemu kapena ku injini. Nawonso umadyeka kunsi kwa bauti kumene maso safika.

Relay

Mukatsuka zonse koma magetsi akutayikabe oposa theka la volt, ndiye kuti njira yakeyo ndi yaitali ndipo mawaya ndi oonda kuyambira kufakitale. Apa relay, kaswitchi kotsekedwa ndi kutsegulidwa ndi magetsi, imathandiza kuposa china chilichonse chimene mungagule. Babu limayamba kulandira magetsi kuchokera kubatire mwachindunji kudzera mu waya wamfupi, wonenepa, ndipo maswitchi akale aja amangotsala ndi ntchito yopepuka youza relay kuti itseke kapena itsegule.

Pamafunika ma relay awiri a mapini anayi, ina ya dimu ina ya fulu. Pini 30 ya iliyonse ilandire waya wochokera pa + ya batire, wa 1.5 kapena 2.5 mm², wokhala ndi fiyuzi ya 10A kapena 15A pafupi kwambiri ndi batire. Fiyuziyi si yokambirana: waya ameneyu amakhala ndi moto nthawi zonse ngakhale kiyi ili m'thumba, ndipo amadutsa pansi pa thanki ya petulo. Pini 87 ipite kubabu. Waya wakale wa dimu kapena wa fulu, amene kale ankapita kubabu, tsopano apite pa pini 86, ndipo pini 85 ipite ku ethi. Ma relay muwaike mapini ataloza pansi kuti madzi asalowe, ndipo pakhosi pa njinga musiye waya wotakasuka kuti handulo izikhota mbali zonse osamukoka kapena kumupana. Relay wamba ya mtundu umenewu ndi ya DC. Pa waya wa AC imangonjenjemera.

Ngati batire silikufika 13.5V

Pamenepo vuto lili kopangira magetsi, ndipo relay singalithetse. Yambani ndi pulagi ya mawaya ochokera mu injini kupita ku rectifier, kachipangizo kosandutsa AC kukhala DC. Imapsa kawirikawiri, mudzaiona itada kapena itasungunuka. Pa njinga za mawaya atatu achikasu, zulani pulagiyo muyeze ma ohm pakati pa mawayawo awiriawiri: manambala atatuwo akhale ofanana, ochepa, nthawi zambiri osafika ohm imodzi, ndipo pasakhale waya wolumikizana ndi chitsulo cha injini. Injini ikulira, magetsi a AC pakati pawo akhalenso ofanana ndipo azikwera mukawonjezera mafuta. Zikakhala bwino, kayikirani rectifier ndi regulator, imene imaletsa magetsi kukwera mopitirira muyeso. Njinga za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1970 zambiri zinkabwera ndi rectifier ya selenium, yooneka ngati timbale tosanjikizana. Imafooka ndi zaka, ndipo kuikapo ya silicon kumabweza magetsi amene ankathera pamenepo. Zimene zili ndi dayinamo kapena alternator ya mabulashi, onani ngati mabulashiwo sanaperepeseke.

Nambala ikapitirira 15V, regulator yafa. Getsi limawala mosangalatsa masiku ochepa, kenako mababu amapsa motsatizana ndipo batire limawira n'kuuma madzi.

Njinga za AC zili ndi khalidwe lake

Pa njinga zimenezi kuzirala kwa getsi mukaima sikuti china chawonongeka, ndi mmene zinapangidwira. Chodetsa nkhawa ndi pamene likhala lofooka ngakhale injini ikuthamanga. Ikani mita pa AC, muyeze pababu getsi likuyaka. Mamita ambiri wamba sawerenga molondola magetsi amene adutsa pa regulator ya AC, choncho musadalire kwambiri nambala yeniyeniyo. Yerekezerani zimene mwapeza pa waya wotuluka mu injini ndi zimene mwapeza pababu. Kutsuka mapulagi ndi kukonza ethi kumagwiranso ntchito kuno mofanana.

Koyilo ya getsi imapanga mphamvu yowerengeka, yongokwanira mababu amene fakitale inaika. Mukachotsa la 25W kapena 35W n'kuika la 60W, koyiloyo imalephera kulidyetsa ndipo limawala mofooka kuposa laling'ono lija. Njira yabwino ndi kupeza halogen wa ma watt omwewo ndi tsinde lomwelo, kaya ndi BA20d kapena P15d, amene amawala kwambiri pa mphamvu yomweyo. Pa njinga zakale kwambiri zopanda regulator, mababu onse amagawana mphamvu ya koyilo, moti lakumbuyo likapsa, yotsalayo imakhamukira kutsogolo n'kupsereza lalikulu. Mukaona getsi lakutsogolo likupsa kawirikawiri, kayang'aneni kumbuyo. Kuzimitsa regulator kwakanthawi kuti muone ngati ndi imene ikutayira magetsi ambiri ku felemu n'kotheka, koma chitani injini ikulira pang'onopang'ono, chifukwa mukangowonjezera mafuta babu lapita. Chomaliza kukayikira ndi maginito a mu flywheel (gudumu lolemera lozungulira ndi injini), amene amafooka ndi kutentha kapena akamenyedwa ndi hamala pochotsa.

Za mababu a 100W ndi a LED

Babu la 100W limakoka ma amp oposa 8 m'mawaya amene anapangidwira 5 kapena kucheperapo. Magetsi otayika amachuluka, kutentha kumawononga soketi ndi mbale yonyezimira, ndipo alternator yaing'ono siitha kudyetsa babulo n'kutsala ndi zotchajira batire. Walira mvula walira matope. M'mayiko ambiri mababu amenewa saloledwanso pamsewu.

LED ndi nkhani ina, ndipo sindiitsutsa. Imadya magetsi ochepa, zimene zimapepukitsa alternator yofooka, komanso siizirala kwambiri magetsi akatsika pang'ono. Koma mbale ya getsi lakale inaumbidwa kuti itole kuwala kochokera pa kawaya kakang'ono kokhala pamalo amodzi enieni. Timaso ta LED tikakhala pamalo ena, kapena tikazungulira mbali zonse, kuwala kumamwazika: pafupi pamayera kwambiri, m'mitengo mukuwala, obwera kutsogolo akuthobwa m'maso, koma patali pamene mukufuna kuona pali mdima. Diso limanyengeka ndi kuyera kwa pafupiko n'kuganiza kuti zasintha. Ngati mwasankha LED, pezani ya timaso tating'ono toyang'ana kumanzere ndi kumanja, tokhala pamene pamakhala kawaya ka babu lakale, kapena sinthani getsi lonse muike lopangidwira LED. Onetsetsani kuti chozizirira chake chakuseri chikukwana m'chigoba osapana mawaya.

LED wamba imafuna DC. Pa njinga ya AC imaphethira kapena kufa msanga, pokhapokha ikhale yolembedwa kuti imalandira AC ndi DC, ndipo ngakhale imeneyo pamafunika regulator, chifukwa mphamvu imene LED sikudya iyenera kukhala ndi kopita. Ena amasamutsa getsi n'kuliika pa batire, koma pa njinga zotere koyilo yotchajira batire imakhala yaing'ono, choncho yezani ngati batire likukwerabe getsi likuyaka. Eni njinga zakale za ku Britain monga Triumph, BSA ndi Norton akumbukire kuti zambiri mwa izo ethi yake ndi +, osati −, ndipo LED yosankha mbali singayake. HID, babu lowala ndi mpweya wa xenon lopanda kawaya, mu mbale ya halogen imathobwa anthu kuposa zonsezi, isiyeni.

Kuloza

Getsi lamphamvu loloza kumwamba kapena pansi pa tayala ndi lofanana ndi lofooka. Imikani njinga pamalo afulati, mamita 10 kuchokera pakhoma, matayala ali ndi mpweya wokwanira, inu mutakhalapo, osati itaima pa sitandi. Yezani kutalika kuchokera pansi kufika pakati pa getsi, mulembe mzere pakhoma pa msinkhu womwewo. Pa dimu, malire a kuwala akhale pafupifupi masentimita 10 mpaka 15 kunsi kwa mzerewo. Ngati malirewo sakuoneka n'komwe, kungokhala chiwalewale, babu silinakhale bwino m'malo mwake kapena si la getsi limenelo. Mukamanyamula munthu kapena katundu kawirikawiri, yezani muli ndi kulemerako, chifukwa kumbuyo kukatsika getsi limadzuka.

Chifukwa chake vutoli limabwerera

Mkuwa umene mwaupala lero umayambanso kuda ukangokumana ndi chinyezi. Polumikizira paliponse pamene mwatsuka, pakanipo girisi wa silicone musanatseke; saletsa magetsi ngati pulagi yagwira zolimba, amangotchinga madzi ndi mpweya. Mawaya opotana ndi manja n'kukulunga tepi aduleni, muwawotcherere ndi mtovu (solder) kapena muwafinyire m'timapulagi toyenera, muvekepo kapaipi kofota ndi moto. Bwezerani labala ya kuseri kwa babu ndi ya m'mphepete mwa galasi ngati zang'ambika, ndipo potsuka njinga musalozetse madzi amphamvu pa maswitchi a pahandulo. Mukamaliza ntchito yonse, yezaninso pabatire ndi pababu, manambala awiriwo muwalembe pamalo osataya. Getsi likadzayambanso kukayikitsa, mudzayeze malo awiri omwewo: kusiyana kukakula vuto lili m'mawaya, manambala onse akatsika limodzi lili kotchajira, ndipo akakhala monga kale mudzasinthe babu.